Pepala la Timabokosi ndi Minda ya Eni

Kwawo kwa mkazi wanga, uko kupitirira Nsaru, amandikumbukira ndi zinthu ziwiri: mtima wapachala ndi pepala la timabokosi. Za mtimazo sindikana, ndinabadwa nawo. Koma za pepalazo ndifotokoze ndekha, chifukwa akamafotokoza iwo amawonjezamo zawo, ngati kuti zoonazo sizikukwana kundichititsa manyazi. Pepala limenelo linatsala pang'ono kundithetsera banja.

Inali nthawi ija Chitaganya chitangoyamba kumene. Ine ndinali kalaliki pamsika wa fodya, komanso mkamwini. (Amene simunakhalepo pachikamwini, dziwani kuti nyumba umamanga ndiwe koma dothi ndi la eni. Tsiku lomwe atope nawe amakupindira mphasa yako, njira ndi iyo, ana n'kutsala.) Ndinali nditaphunzirako ku sekondale zaka ziwiri, ndipo m'mudzi monsemo wowerenga Chingerezi ndinali ine ndekha. Sindinkalola kuti wina aiwale zimenezo.

Mzungu wogula fodya pamsikapo tinkamutcha Kaliwo, poti kaliwo sankachoka pakamwa pake. Ankalandira nyuzipepala za kwawo, ndipo kumbuyo kwake kunkakhala masewera a mawu opingasana: timabokosi toyera ndi takuda, tina tokhala ndi manambala, m'munsi mwake mafunso. Tsiku lina anandipeza ndikusuzumira, nandiphunzitsa. Funso lililonse limaoneka ngati zoyankhula za wamisala, koma lili ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi imakuuza tanthauzo la mawu amene akufunika. Mbali inayo imakuuza kamangidwe kake: mwina usokoneze zilembo za mawu ena, mwina uwerenge chobwerera m'mbuyo, mwina mawuwo abisala m'mimba mwa anzawo. Kumapeto kuli nambala yokuuza kuti zilembo ndi zingati. Ukapeza yankho umalilemba m'timabokosi toyera, chopingasa kapena chotsika, ndipo takudato ndi malire chabe.

Nthendayo inandilowa. Msika utatsekedwa, Kaliwo anandisiyira tsamba limodzi losalembamo, nati chaka chamawa ndidzamuonetse ngati ndine mwamuna.

Tsono ine sinditha kuganiza nditakhala pansi. M'mawa uliwonse ndinkatenga pepalalo, pensulo pakhutu, n'kumayenda m'tinjira ta m'minda ndikung'ung'udza ndekha, ndikuwerenga zilembo pazala. Yankho likabwera ndinkaima pomwepo n'kulemba.

"Bambo a Tereza," anatero mkazi wanga Naphiri, "ziputu za fodya zija mudzazula liti? Anzanu onse anazula kale, anatentha."

"Mawa."

"Mawa lake lija la sabata yatha?"

"Naphiri, anthu ena amalima ndi khasu, ena ndi mutu."

"Chabwino. Tidzadya za m'mutuzo."

Achinyamata a lero sadziwa kuti malimidwe chinali chiyani. Boma linalamula kuti ziputu za fodya zizizulidwa nthawi yake isanapitirire, matutu asiyidwe, aliyense alime mizere yopingasa. Akapitawo a malimidwe ankayenda ndi mabuku ojambulamo minda, ndipo wopezeka wolakwa ankamutengera kukhoti. Anthu ankadana nazo koopsa, koma amene ankadana naye koposa ndi munthu wa m'mudzi momwemo wonong'oneza akapitawo.

Lachiwiri lina ndinaima m'mphepete mwa munda wa a Lufeyo, mnansi wathu wokakamira matutu ngati chipembedzo. Funso lina linali litandizunza masiku anayi, ndipo pomwepo linamasuka. Ndinaloza kutsogolo ndi pensulo, n'kufuula kuti, "Ndakugwira!" Kenaka ndinalemba, n'kumapita ndikuimba mluzu. Sindinadziwe kuti eni munda anali akupuma kuseri kwa chulu.

Lachisanu kapitawo anabwera panjinga, molunjika kumunda kwa a Lufeyo. Anawagumulitsa matutu onse, n'kupita nawo kukhoti.

Kuyambira pamenepo moni anachepa. Ndikafika pamowa, chipanda chinkandilambalala. Chodabwitsa, mudzi wonse unayamba kulawirira kumunda, makasu kuli gu gu gu, mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula. Ine ndinkangoti anthu ayamba kumva za chitukuko. (Mukuona nzeru za ku sekondale.) Pepala langa linali litadzaza, kutsala funso limodzi lokha, nambala folotini yotsika, zilembo zisanu ndi ziwiri, lonena za bishopu ndi mtsinje wina wa ku Mangalande.

Kenaka anandiitana a Zakeyu, amalume ake a Naphiri, eni mbumba. Anali munthu wofatsa, anagwirapo ntchito ku Joni, ndipo sankakweza mawu ngakhale mbuzi ilowe m'nyumba. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, a Lufeyo ali pambali, anthu khumi kapena kuposerapo atakhala chapatali. Apongozi anga aakazi anali kuseri kwa nkhokwe, atafulatira monga mwa mwambo, koma makutu ali kuno.

"Akamwini," anatero a Zakeyu, "tatiyalirani pepala lija mumayenda nalo."

Ndinaliyala pansi monyadira.

"Eya, ndi lomweli," anatero a Lufeyo. "Onani. Toyerati ndi minda yolimidwa bwino. Takudati ndi ife oti timangidwe. Manambala ndi awa. Wanga ndi uti, akalaliki? Ndi uwu wapakonawu eti?"

Ndinaseka. Kumeneko kunali kulakwa koyamba, chifukwa ndinaseka ndekha.

"Awa ndi masewera," ndinatero. "Masewera a azungu."

"Azungu amasewera poyang'ana minda ya eni?" anafunsa a Zakeyu.

"Sindimayang'ana minda. Ndimaganiza."

"Nanga pazala mumawerenga chiyani?"

"Zilembo."

"Nanga munagwira ndani pamunda panga?" anatero a Lufeyo.

"Mawu."

Anthu anayang'anizana. A Zakeyu ananunkha fodya wawo pang'onopang'ono, nati, "Ngati ndi masewera, tiphunzitseni. Bawo tinaphunzira, njuga tinaphunzira. Tisewere nanu."

Apa ndinaganiza kuti ndapulumuka. Za Chingerezi sakanamva, choncho ndinapanga funso langalanga m'Chichewa. Ndinayang'ana uku ndi uku, maso anagwera pa lamba wachikopa wa a Lufeyo.

"Mverani. Lamba wasokonezeka, watuluka wakuba. Zilembo zisanu. Yankho ndi chiyani?"

Ndinadziyankha ndekha.

"Yankho ndi mbala. Tengani zilembo za mawu oti lamba, muzisokoneze, zipereka mbala. Wakuba ndiye tanthauzo, lamba ndiye zomangira, wasokonezeka ndiye chizindikiro choti musokoneze."

A Lufeyo anagwira m'chiuno. "Lamba uyu ndinagula kwa Mmwenye ku Namitete. Mboni zilipo."

"Sindikunena lamba wanu! Ndikunena mawu!"

"Nanga munayang'aniranji wanga?"

Ndinatola kamtengo, n'kulemba pansi mawu awiriwo, ndikulumikiza zilembo ndi mizere. Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi: kwa munthu wosawerenga, mawu alibe zilembo. Lamba ndi chikopa cha m'chiuno, mbala ndi munthu woba nkhuku, ndipo palibe njira yochokera kwina kupita kwinako. Iwo ankangoona kalaliki akujambula mizere ina pansi.

"Wayambanso kuyeza," anatero mayi wina.

Ndinafotokoza kachiwiri. Ndinafotokoza kachitatu, mawu akukwera. A Zakeyu anamvetsera mpaka kumapeto, nati mofatsa, "Tsono mbalayo anagwidwa?"

Pamenepo mtima uja unafika. Ndinathyola kamtengo, n'kunena mawu amene mkamwini sanena ngakhale kumaloto: "Ndatopa kuyankhula ndi mbuli!"

Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola kamodzi. Naphiri anaweramitsa mutu.

A Zakeyu anatseka kabotolo kawo ka fodya. "Zikomo, akamwini. Ife mbuli tamva. Lolemba mubwere ndi ankhoswe anu. Mphasa yomwe munabwera nayo mukuidziwa."

Masiku atatu otsatirawo ndinali wofatsa kuposa mwana wa nkhosa. Naphiri sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Anangoti, "Tereza akufunsa ngati kwanuko kuli mango."

Loweruka m'mawa kapitawo uja anabweranso, tsopano ndi amesenjala awiri, kudzayendera mudzi wonse. Anthu onse anamutsatira, akundiponyera maso. Munda woyamba, mizere yabwino. Wachiwiri, chimodzimodzi. Wa a Lufeyo unali ngati wa pachionetsero. Kapitawo anayamba kukwiya posowa wolakwa, mpaka tinakhota pachulu chija n'kufika pamunda wina. Ziputu za fodya zili chiimire, zina zitaphukanso masamba obiriwira, mzere ngakhale umodzi mulibe.

"Munda uwu ngwa yani?"

Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinayesa Chingerezi. Ndinamuuza kuti ndine kalaliki, ndipo Kaliwo amandidziwa. Iye anayankha m'Chichewa kuti anthu onse amve: "Kalaliki kapena bishopu, zulani. Tikhala pompano mpaka chomaliza."

Ndinazula. Manja ozolowera pensulo anatuluka matuza dzuwa lisanafike pamutu. Mudzi wonse unakhala pamthunzi kuonerera, a Lufeyo akundilangiza mwaulemu kuti, "Gwirani m'munsi, akalaliki, kapena muyambe mwazisokoneza kaye." Amesenjala ankaseka mpaka zipewa kugwa.

Ndili pakati pa munda, thukuta lili kamukamu, ndinamva mawu a apongozi kuchokera kuseri kwa chulu. Sankayankhula ndi ine, ndithudi, ankayankhula ndi mlongo wawo a Zakeyu, koma mokweza kuti mphepo indibweretsere.

"Achimwene, kazitape wanji wogwiritsa munda wake womwe? Uyu si kazitape. Ndi mlesi chabe wapakamwa. Mlesi ndiye timadziwa kasungidwe kake."

Sindinamvepo chipongwe chokoma chotero. Ndinafuna kugwada n'kuwomba m'manja, koma manjawo sakanalola.

Madzulo ndinapita kwa a Zakeyu ndi tambala wopepesera mawu aja. Analandira, nati ankhoswe asavutike kuyenda. Kenaka anatambasula dzanja. "Pepala lija."

Ndinawapatsa. Analiyang'ana mozondoka, analing'amba bwinobwino motsata mzere, napichiramo fodya wa chingambwe, nayatsa. Ndinaona ndi maso anga nambala folotini yotsika ikupsa, bishopu ndi mtsinje wake akutuluka m'mphuno mwa amalume.

"Pepala labwino," anatero. "Mukapeza ena muzibwera nawo."

Msika utatsegulidwa ndinafunsa Kaliwo yankho lake. Anati nyuzipepala ya mayankho anakulungira nsomba kalekale, ndipo funsolo sakulikumbuka.

Ndinakhala m'mudzimo zaka zina zambiri, ziputu ndikuzula woyamba. Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kugwira mtima, koma Naphiri angakuuzeni zoona. Chimene ndinaphunzira n'chochepa: mpaka lero ndikamadutsa pamunda wa munthu, zala zimayamba zokha kuwerenga mpaka zisanu ndi ziwiri, ndiye ndimazipisa m'thumba msanga.