Munda wa M'chipinda cha Alendo

Lolemba

Lero ndayamba ulimi wa anthu ophunzira. Wa khasu ndi mvula unandikana kalekale. Pa siteshoni ya Nyimba, kuseri kwa amayi ogulitsa nthochi, munthu wina wa jekete lachikopa wandigulitsa mitengo isanu ndi umodzi ya chamba, yofika kale m'bondo. Akuti azungu amalimira m'nyumba, pansi pa babu, sadikira dzinja. "Miyezi itatu chabe, bosi, mwakolola."

Ndawerengera pa kalendala: kukolola kanayi pa chaka! Anzanga a chimanga amakolola kamodzi n'kumayenda modzitama.

Zofunika:
zidebe zisanu ndi chimodzi (ndatenga kukhitchini)
babu lowala kwambiri
chipinda cha alendo
amake Tisa asadziwe.

Zenera ndatseka ndi makatoni.

Lachiwiri

Amake Tisa adziwa. Amafunafuna chidebe chotungira madzi. Aima pakhomo la chipinda, ayang'ana mitengo, ayang'ana ine, ayang'ananso mitengo. Ndawafotokozera za chamba ndi za kanayi pa chaka. Angoti, "Mwagula ivi?" n'kutuluka atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Akulira, wosauka. Mkazi wanga amaopa malamulo.

Magetsi apita m'mawa. Ndaima ndi tochi ya foni pamwamba pa zidebe mpaka mkono wauma. Kukolola: katatu pa chaka.

Lachitatu

Tsoka! Apongozi afika kuchokera ku Nyampande. Mwendo watupa, azipita kuchipatala ku Minga kwa masabata awiri. Pobwera kumsika ndapeza amake Tisa awalowetsa kale m'chipinda cha alendo.

Ine mkamwini sindingaponde mogona apongozi. Ngakhale panjira tikakumana ndimapatukira kutchire. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi takhala tikulankhulana kudzera mwa mwana wawo, ndipo mawu obwera kwa ine sanakhalepo okoma. Pa ukwati ananeneratu kuti tsiku lomwe ndidzachititse banja manyazi adzatenga mwana wawo. Mayi amene uja sanena zoseka. Tsopano akugona pakati pa zidebe za chamba. Ndikuopa, ndithu ndikuopa.

Lachinayi

Njira zopulumutsira munda iwo ali kuchipatala:

1. Nsungwi ya mbedza kudzera pa zenera. Makatoni ndinakhoma ndekha, ndi misomali.
2. Kutuma amake Tisa. Akana: "Munda ni wanu, alangizi."
3. Kulowa ndekha mothamanga. Ndafika pakhomo, ndaona chitenje chawo chili pa chingwe, ndabwerera pomwepo.

Babu azimitsa, akuti likuwawotcha m'maso. Kukolola: kawiri pa chaka, Mulungu akalola.

Lachisanu

Apongozi azula makatoni! Kuseri kwa khoma ndamva mawu awo: "Niŵani wafaka mbeu mu mdima monga nkhuku yofungatila?" Zidebe azindandalika pa zenera, masamba onse kuyang'ana kumsewu.

Wapolisi wokhala nyumba yachitatu wadutsa, waima, wayang'anitsitsa, kenako wandiuza akumwetulira: "Mwachita bwino, bambo." Ndi mmene amachitira asanagwire munthu. Sindinadye. Ndalongedza kachikwama: bulangete, sopo, Baibulo.

Kukolola: kamodzi pa chaka, m'munda wa kundende.

Loweruka

Apongozi andiitana. Ine panja pa kampando, nkhope kuloza ku mtengo wa mango. Iwo m'kati. Amake Tisa pakhomo, kunyamula mawu. Ndayamba kale kuganiza zoti ndidzadziphikira bwanji.

Mawu afika: "Akuti lumanda mwaipeza kuti mu chilimwe chino?"

Lumanda! Ndiwo zowawasa zija timatendera ndi nsinjiro! Masamba ake ogawika ngati zala, inde, koma ine chamba chenicheni ndinachionapo kuti? Chojambulidwa pa chipewa cha kondakitala, basi. Amake Tisa anazindikira Lachiwiri lomwe lija. Sikunali kulira kuja.

Mawu afikanso: "Akuti dzulo chabe anali kuilakalaka, mankhwala yawaononga mkamwa. Akuti kansi muli na mutima."

Ndayankha kuti zikomo. Ndikanati chiyani?

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi amayi atatu andigwira chanza. Akuti mkamwini wolimira apongozi ndiwo m'chipinda chawo chomwe sanamuonepo. Wina akufuna ndikaphunzitse mwamuna wake.

Masana munda wonse walowa mu mphika umodzi. Amake Tisa, pondipatsa madzi osamba m'manja, anong'ona: "Mukakamba zoona, nipita na amama." Sindikamba.

Kenako abwera ndi kambale kena, akuti apongozi apatula pa ndiwo zawo, "mupatseni mlimi." Chikwatirire sizinachitikepo.

Ndapusitsidwa, ulimi watha, wa jekete uja sindidzamuonanso. Koma chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti kambaleko ndanyambita, ndipo ndakondwa.