Dzira Losapsa la Benedikiti

Lolemba
Lamulo lasintha kuno kudziko la eni, tsopano munthu ukhoza kusiya ntchito osapempha kalata kwa bwana. Ine kutsuka mbale kwandikwana. Hotelo ina ku Al Waab ikufuna wophika mazira pa brunch ya Lachisanu, chakudya cha m'mawa chophatikiza ndi chamasana, ndipo shefu wa kumeneko wati ndikayesedwe pa Eggs Benedict. Zofunika: mazira, viniga, batala wopangira sosi, kabanzi, kanyama ka nkhukundembo (nkhumba kuno iwalani).

Lachiwiri
Kuchipinda kwathu ku Al Asmakh mbaula ndi imodzi, anthu thoo. Ndikaswera dzira m'madzi otentha likungobalalika ngati nsanza. A Mbewe, mlonda, wamkulu wa tonse muno, akufunsa kuti Benedikitiyo anali yani. Ndikuwauza zomwe ndinamva kukhitchini, kuti mzungu wina ku America anadzuka ndi matsire n'kuitanitsa zimenezi. "Basi n'chifukwa chake," akutero. "Munthu wabwinobwino sangaphike dzira lopanda chikamba."

Lachitatu
Sosi wa batala uja wasanduka mafuta okhaokha. Mazira a chipinda chonse atha. Anzanga akudya zolephera zanga, koma akudandaulabe.

Lachinayi
Ndagula mazira ena, ndipo limodzi latheka! Loyera, lobulungira, ukalibaya chikasu chikuyenderera. Ndikungotembenuka kufuna foni, a Mbewe alitenga kale n'kulikazinga. "Kwathu mlendo sapatsidwa dzira losapsa, makamaka ndi matenda ali kunjawa. Mayi ako atamva angalire." Ndakwiya koopsa, koma wamkulu sayankhidwa.

Lachisanu
Masiki pamphuno, thukuta kamukamu, shefu ali kumbuyo kwanga kundifulumizitsa: "Yalla, yalla." Dzira lafikapo, ndikudziwa bwino lomwe kuti lafikapo. Ndiye ndasuzumira tebulo lomwe dziralo likupitako. Pali agogo ena a imvi mbuu, owonda, akutsokomola. Mawu a a Mbewe ali m'khutu, dzanja likukana kuvuula. Ndangoti lipseko pang'ono. Shefu walibaya ndi mpeni, chikasu chili gwa! Sanakalipe n'komwe. "Khalas," kutanthauza kuti basi zatha, ntchito palibe.

Loweruka
Ndabwerera kotsuka mbale. Ku sinki kwanga mbale zikubwera zodzaza chikasu choyenderera, cha anthu ena odziwa ntchito.

Lamulungu
Ndawafotokozera a Mbewe zonse, mwina n'kuchita manyazi. Nkhope yawo yangowala. Andigwira paphewa: "Ntchito ipezeka ina, mwanawe. Chachikulu waphunzira kuphika." Akuti mawa ndiwaphikire awiri, ouma gwa ngati la agogo aja.