Maloboti Atatu M'munda wa Apongozi

Lolemba
Chiwawu chalowa m'munda wa aneba. Mbatatesi yathu ikapanda kupoperedwa sabata ino, basi, kwatha. Chisomo, mwana wanga wa ku yunivesite, wanditumizira pa foni mapu a maloboti atatu: aliyense njira yake, palibe mzere wopoperedwa kawiri, palibe wodumphidwa. Maloboti tilibe. Alipo ndi awa:
ine, mphunzitsi,
alamu anga a Gervazio,
apongozi, eni munda, amene akuti mankhwala sangasiyire mkamwini.
Sayansi yafika ku Mphunzi!

Lachiwiri
Mapu akuti alamu atenge mbali ya kumsewu, ine ndiyambire kumtunda, apongozi kumunsi, tikumane pakati. Tikumane! Ine ndi apongozi! Chikwatirireni sitinayang'anizanepo. Ndikangoona duku lawo ndikubwerera, iwo akangomva kutsokomola kwanga akupatukira kutchire. Mizere yapakati yatsala youma.

Lachitatu
Msewu wa alamu ndi wopita ku Mayani. Aliyense wodutsa akupatsidwa moni, kufunsidwa za ana, za mbuzi, za mwendo wa agogo. Loboti ameneyu wapopera mzere umodzi katatu poiwala pamene analekezera. Masana mvula. Zonse zatsukika.

Lachinayi
Maliro kuseri kwa phiri. Khasu siligwiridwa, sipuleya nayonso. Ndikulira ndi mtima wonse. Anthu akuti ndine wachifundo.

Lachisanu
Chisomo wakonza mapu: alamu akhale pakati pathu ngati mpanda. Alamu alawirira ku Chimbiya. "Ndibwera pompano." Ndatuma mkazi wanga kuti akapemphe mayi ake apume, ndipopere ndekha. Yankho: "Auzeni aphunzitsiwo, munda si bolodi." Chifunga tsiku lonse.

Loweruka
Kumtunda kwanga kobiriwira. Kumunsi kwa apongozi kobiriwira. Pakati masamba ada, akununkha. Alamu sanabwerebe. Mtima ukundiwawa, mbewu ija ndinaisankha ndekha imodziimodzi.

Lamulungu
Chisomo waimba: "Adadi, chovuta kwambiri n'kuphunzitsa maloboti kuti asagundane. Zinatheka?" Ndamuuza zoona, sitinagundane ngakhale kamodzi. Pochokera ku Misa anthu akuima pamsewu n'kumaloza munda. Ulemu wanga kwa apongozi ukuonekera patali, wakuda bii, ndipo ukukulirakulira mbali zonse ziwiri. Chaka chino tidya womwewo.