Pampu ya Alufandika ndi yanga

Lolemba
Tili ana, ine ndi Alufandika tinkamwera chikho chimodzi pamjigo, iye pambuyo panga. Lero mpanda wathu ndi umodzi, koma kwake madzi akugwa kuchokera kudenga la bafa. Wagula pampu yamagetsi. Imakoka madzi m'thanki yapansi n'kuwakankha mwamphamvu m'mapaipi. Mpopi wathu ukungodontha ngati mphuno ya mbuzi yachimfine. Kulira kwa pampuyo ndikukumva m'mano.

Lachiwiri
Amake Rute apita kukangoona. Abwera tsitsi lili lonyowa. "Ngati mvula ya Januwale, bambo." Sindinawafunse. Ndalumbira kuti pofika Lamulungu mkazi wanga asamba mvula ya pakhomo pake.

Lachitatu
Ndili nazo: thiredo pampu yakudimba yopalasa ndi miyendo, paipi yothiririra, mphira wa njinga, chitini chobowola ndi msomali. Pampu ndi pampu basi!

Lachinayi
Ndalumikiza kumpopi. Ndapalasa dzuwa la Ngabu lili paliwombo. Chitini changotulutsa mpweya wotentha. Kani pampu sipanga madzi, imangokankha amene yawapeza. Ya kuminda ya nzimbe imamwa mu Shire, ya kuchipatala imamwa m'thanki. Yanga ikuyamwa paipi youma. Kuseriku wina akuimba nyimbo ya kwaya m'bafa.

Lachisanu
Ndadzaza mgolo ndi madzi apamjigo, paipi m'mgolomo. Akwera! Koma chimodzi sindinachiganize: wosamba sangapalase. Amake Rute mkati, ine panja, mwendo uku mwendo uku. Ndikangoti ndipumeko, mvula yaleka. "Sopo ali m'maso, palasani!" Ndapalasa mwaukali, mphira waduka, mgolo wonse wathera m'khola. Mbuzi zasamba.

Loweruka
Maondo atupa. Alufandika wasuzumira pampanda, kufunsa mwaulemu ngati ndikukonzekera kuyamba kabaza. Sananyoze, n'chimene chikundipweteka. Amake Rute apitanso, ulendo uno osanena kuti akukangoona. Nkhuku zathu nazo zayamba kumwera komweko.

Lamulungu
Pampu yabwerera kudimba, kumene anyezi amailemekeza. Potuluka m'tchalitchi amake Rute ndi mkazi wa Alufandika apangana okha: mawa m'mawa ndikakhale pansi ndi Alufandika, andionetse za thanki ndi mapaipi. Ndati ndiyambe ndaganiza. Amake Rute angoti, "Akuti mubwere ndi thaulo."

Ndalipinda kale.