Masitepe Asanu ndi Anayi

Lolemba, 3 Juni 1996
Pulani yayamba! Lamlungu mwana wanga Tereza alandira Ukaristiya woyamba, ndipo pakhomo la tchalitchi chathu kuno ku Bangwe pali masitepe asanu ndi anayi. Ndikufuna ndiwakwere ndekha, popanda wondinyamula. Vuto ndi miyendoyi: matenda ofooketsa minofu, akumtundu, amene adokotala akuti ndi osowa kwambiri. Anzanga makolo anawasiyira nyumba, ine bambo anandisiyira zosowazi.
Pepala la mayi wa mafizo kuchipatala chachikulu likuti:
kutukula mwendo nditagona, kakhumi;
kuyenda pang'ono, osadzitopetsa;
mafuta ndi shuga ndichepetse, poti thupi likalemera imavutika ndi miyendo.
Mandasi, tsalani bwino!

Lachiwiri, 4 Juni
Mkeka pakhonde, ine chagada, mwendo m'mwamba. Ndangofika kachitatu, akutulukira mayi Fombe, mkulu wa mphakati wathu, ndowa pamutu. "Mayo ine! Bambo a Tereza agwa!" Ndikuti ayi mayi, ndi mafizo awa. Akupukusa mutu: "Mpaka mafizo? Zafika pamenepo?" Ulendo, madzi osatunga.

Lachitatu, 5 Juni
Amayi a mphakati asanu ndi mmodzi abwera kudzandizonda. Wodwala sazondedwa chimanjamanja:
mandasi, beseni;
thobwa, chigubu;
futali;
nkhuku yokazinga, mafuta ali noninoni.
Akhala pamkeka wanga wa mafizo, ayimba nyimbo ziwiri, apemphera, kenako maso onse ali pakamwa panga. Ukane chakudya cha okuzonda, unaleredwa ndi ndani? Mandasi anayi alowa. Mafizo a lero: mkono kupita kukamwa, kosawerengeka.

Lachinayi, 6 Juni
Ndikuonetsa mkazi wanga pepala lija, kuti ndiwo aziphika zopanda mafuta. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Muwonde? Masiku ano? Anthu anene kuti ndi kaliwondewonde, ine ndizikatunga kuti madzi?" Ndipo sakunama. Munthu ukangobweza lamba bowo limodzi, Bangwe yense wakuyeza kale magazi ndi maso. M'phala mwanga mwagwa masupuni awiri a majarini. Ndadya. Likukoma, ndisaname.

Lachisanu, 7 Juni
Tsiku loyenda. Cholinga: kukafika pa kiyosiki ya madzi n'kubwerako. Chiperoni chili mbuu, njira yoterera, ine ndi kayendedwe kanga ka bakha. Gogo wina akundidutsa: "Mamawa onse ano waledzera kale? Matipate inabwera nazo!" Ndapumira pachiwaya cha a Jailosi. "Bigi, mwadzuka! Tinamva kuti munakomoka. Idyani ka tchipisi aka mubweze mphamvu." Kaulere. Kiyosiki ndaionera patali.

Loweruka, 8 Juni
Masana ndazemba kupita kutchalitchi kukayeserera. Sitepe loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi miyendo yati ayi. Ndakhala pomwepo.
Ndikukumbuka bambo. Iwo kunyamulidwa ankakana, amati mwamuna si thumba la chimanga. Tsiku la Ukaristiya wanga ku Nsanje anatsala kunyumba, ine Misa yonse khosi lili kukhomo, kuti mwina atulukira. Zikundipwetekabe mpaka lero, ndipo ndagwetsa misozi pasitepe pomwepo.
Kunyumba ndapeza Tereza akuyesa diresi yoyera. "Adadi, mudzakhale kutsogolo kuti ndidzakuoneni."

Lamlungu, 9 Juni
Suti yathina, batani la pamimba lakana. Masitepe: anayi! Kuposa dzulo ndi limodzi, koma palibe woombera m'manja. Atsala asanu, kwaya yayamba kale, miyendo yakananso.
Mayi Fombe atulukira ndi mpando, m'mbuyo mwawo anzawo asanu aja, zitenje atamanga m'chiuno. "Khalani apa. Tinakudyetsani ndife, tikunyamulaninso ndife." Ndaganiza za thumba la chimanga lija. Ndakhala.
Pasitepe lachisanu ndi chiwiri wina akubuula: "Koma ndiye mukulemeratu, bambo!" Ndafuna kufunsa kuti beseni la mandasi linali la ndani, ndangomeza.
Manyazi ndachita, ndipo pulani yafera pasitepe lachinayi. Basi, zili bwino. Anditula kutsogolo kwenikweni. Tereza wacheuka kamodzi, wandipeza, wamwetulira. Kukhomo sanayang'aneko.