Chikugwedera N'chiyani m'Pikapu Muno?

Lolemba

Atsala masiku asanu ndi limodzi. Lamulungu ankhoswe akumana ku Liwaladzi, kwawo kwa mkazi wanga, amake Tiya. Ine ndikafike ndi pikapu, ndikapepese, ndibwere nawo kuno ku boma atakhala kutsogolo. Kutsogolo! Ndalemba kawiri kuti ndisadzaiwalenso.

Mlandu wanga ndiulembe muno, poti buku silitsutsa munthu. Mwezi watha, sabata yomaliza ya misonkhano ya chisankho cha matipatechi, bwana wina wofuna uphungu anachita hayala pikapu yanga tsiku lonse. Bwana sakhala kumbuyo. Ndiye ndinauza amake Tiya, omwe akhala pampando wakumanzere zaka khumi ndi chimodzi, ulendo uliwonse, kuti atsike akakhale kumbuyo pamodzi ndi ng'oma ndi zimkuzamawu. Midzi isanu ndi iwiri, msewu wafumbi. Anafika kunyumba ali mbuu ngati makaka. Sanakalipe. M'mawa mwake anamanga kachikwama nati, "Mukadzamudziwa mwini wake wa mpando uja, mudzandipeza kwathu."

Bwana uja anagwa chisankho. Ine ndinagwa kuposa iye.

Tsopano vuto lina: pikapu yayamba phokoso. Ikamayenda silimveka. Ikangoima injini ikulira, basi gwedegwede, gwedegwede, tchi, gwedegwede. Sindingakaime pakhomo pa apongozi ndi galimoto yonjenjemera ngati yadwala malungo. Amake Tiya amadana ndi phokoso. Supuni ikamagunda kapu kawiri amakuyang'ana.

Zomwe ndikuzikayikira:
ekizozi
mamauntini a injini
fanibeluti
kabuleta
nsanje za anthu

Pofika Lachitatu ndikhala nditathana nazo. Ndidzatsala ndi masiku atatu otsuka ndi kupukuta.

Lachiwiri

Ndaitana a Jafali, makaniko wa kuseri kwa msika. Afika ndi sipanala imodzi m'thumba la kanzu, mkanjo wawo wa Chisilamu. Atsegula chitseko chakumanzere, akhala. Chichokereni amake Tiya sindilola munthu pampando umenewo, ngakhale mlongo wanga Esinati amakwera kumbuyo. Koma dokotala sauzidwa pokhala.

Ndaliza injini. Zii. Ikungong'ung'udza bwinobwino ngati mphaka wokhuta.

Tadikira. Ndaponda mafuta, ndasiya. Zii.

"Wallahi, galimoto iyi ilibe matenda," atero a Jafali. "Odwala ndinu. Mukudya koma?"

Atsika, ayenda, akhota pa mtengo wa mango. Gwedegwede, gwedegwede! Ndathamanga kukawabweza. Akhalanso. Zii. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako andiuza kuti ndizimwa madzi ambiri.

Galimoto yoopa makaniko! Ili ngati mwana amene amachira akangoona chipata cha chipatala. Chabwino, ndiikonza ndekha.

Kudya ndikudya. Mbatata yootcha, tiyi wopanda mkaka. Sindikudziwa komwe amake Tiya amasunga sefa. Ndafuna paliponse. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndimaidziwa nyumba yanga.

Lachitatu

Ekizozi. Ndalowa pansi pa galimoto kuyambira m'mawa. Ndamanga ndi waya malo atatu. Gwedegwede. Ndaimasula yonse kuti ndione m'kati, bawuti imodzi yathyoka. Tsopano pikapu ikulira ngati thirakitala ya ku Dwangwa, ndipo pansi pa kubangula konseko ndikumumvabe mnzanga uja: gwedegwede, tchi.

Chibwerereni matipate aliyense ali ndi maganizo, ndipo sakuopanso kuwanena. Kale munthu ukagona pansi pa galimoto anthu ankangodutsa. Lero pasonkhana khamu, ine ndikungoona mapazi.

Mapazi a nsapato zakuda, a aphunzitsi opuma: "Ndi petulo wa boma latsopanoli."
Mapazi a patapata: "Ayi, ndi misewu ya boma lakale."
Mapazi opanda nsapato, onunkha usipa: "Yalodzedwa iyi. Inanyamula chipani cholakwika."
Mapazi a Esinati: "Achimwene, inu mukufuna galimoto kapena mkazi?"

Atsutsana mpaka aiwala za ine. Awiri atsala pang'ono kumenyana. Palibe ngakhale mmodzi wondipatsira sipanala.

Amake Tiya akanakhalapo akanakhala pachitsa paja akusankha mpunga, osayankhula, n'kungondikankhira sipanala yoyenera ndi phazi ndisanaipemphe. Manambala a masipanala amawadziwa kuposa ine. Izi sindinawauzepo.

Ndawasowa. Ndalemba, bwanji nanga, buku ndi langa.

Lachinayi

Mwera wavuta, mchenga ukulowa paliponse. Ndafufuta ekizozi pamndandanda, ngakhale ili pansi potsamira khoma.

Mamauntini. Ndakweza injini ndi jeke, ndaika chidutswa cha tayala pansi pa mauntini akumanja. Potsitsa, jeke yaterereka mumchenga, fani yakhudza radiyeta. Kabowo kakang'ono. Ndamata ndi sopo. Fanibeluti ndaikoka mpaka ikulira ngati gitala, tsopano yawonjezera kaphokoso kake, tswii.

Maphokoso omwe ndinali nawo Lolemba: limodzi.
Omwe ndili nawo lero: atatu.

Masana kwabwera mayi wina wogula nsomba ku Liwaladzi, akuti watumidwa ndi amake Tiya. Ndadzuka msanga mpaka ndagunda mutu ku boneti. Uthenga wonse ndi uwu: "Akuti musaiwale kuthirira tsabola wawo kuseri kwa bafa."

Basi? Basi.

Ndafunsa ngati akuoneka okwiya. Akuti ayi. Ngati aonda. Akuti ayi, anenepa kumene. Zimenezi zandipweteka kuposa boneti.

Koma taganizani: munthu amene sakufuna kubwerera angasamale za tsabola? Ndathirira katatu. Esinati akuti ndimuwoletsa. Ndakhala pambali pa tsabolayo kanthawi ndithu, mafuta ali m'manja. Wabereka, wafiira, palibe womuthyola.

Lachisanu

Kabuleta. A Jafali anandichenjeza kalekale kuti chinthu chimenechi sichitsegulidwa ndi munthu wa mtima uli m'mwamba. Ndawatumira uthenga, akuti akatuluka ku mzikiti ku mapemphero a Juma akwera basi ya ku Benga, kuli ukwati wa mphwawo, abwera Lolemba. Lolemba!

Ndatsegula ndekha. Tizitsulo tonse ndaika m'mbale yaikulu ya amake Tiya, ya maluwa ija, yomwe salola kuti idyeredwe. Ndatsuka ndi petulo, ndauzira ndi pakamwa, ndabwezera. M'mbale mwatsala kasipuling'i kamodzi ndi kawashala. Sindikudziwa kwawo. Mwina anaika owonjezera ku fakitale.

Yalira! Ikutsokomola, ikubanika, koma yalira. Gwedegwede alipobe, wathanzi.

Ndatopa. Ndati bola ndiyambe kulongedza za ulendo. Ndanyamula thumba la mpunga wa apongozi, ndipo poopa mchenga kumbuyo ndaliika pampando wakumanzere.

Zii.

Ndanyamula thumba. Gwedegwede. Ndaika. Zii. Ndanyamula. Gwedegwede. Ndachita zimenezi kasanu ndi kawiri ngati wamisala.

Ndagwada, ndasuzumira pansi pa mpando. Mabawuti anayi amafunika, alipo awiri. Mpando ukuvina pa njanji zake, chitsulo kugunda chitsulo. Ukakhalidwa umakhala chete. Nchifukwa chake a Jafali sanamve kanthu, anali atakhalira matendawo!

Ndipo ndakumbuka. Tsiku lija bwana sanakwane, mimba inkagunda dashibodi. Ndinamasula mabawuti awiri kuti mpando ubwerere m'mbuyo. Ndinalibe poika. Ndinazungulira kumbuyo, kumene amake Tiya anali atangokhala pakati pa ng'oma, n'kuwatambasulira dzanja: "Tandigwirirani awa." Analandira. Ndi manja awiri, mwaulemu.

Mayo ine. Kumutsitsa munthu pampando wake, n'kumupatsanso mabawuti ake kuti agwirire!

Ndili chogwada choncho, injini yatsokomola kawiri, yazima. Ndaliza. Yakana. Ndalizanso. Yakana.

Loweruka

Yakana.

Ndatsegulanso kabuleta kuti ndipeze kwawo kwa kasipuling'i. Mwera wagubuduza mbale. Kasipuling'i kali penapake mumchenga wa Nkhotakota. Ndasefa mchenga ndi lichero mpaka masana. Ndapeza:
batani
msomali
ndolo imodzi ya amake Tiya, yomwe anaifuna chaka chatha mpaka kulira

Ndolo ndaitsuka, ili m'thumba la malaya.

Batire yatha. Aphungu a mapazi aja abwera kudzakankha, a zipani zonse pamodzi, koyamba kugwirizana chichitikireni chisankho. Takankha kutsetsereka mpaka pafupi ndi doko. Yangoti bu, bu, basi. Kukwera nayo pobwerera onse akumbukira kuti ali ndi zochita. Yatsala komweko, pansi pa mtengo, ikudontha madzi a sopo.

Esinati wandibweretsera chakudya, wakhala pakhonde akundiyang'ana.

"Sabata yonse mwamasula galimoto yabwinobwino, chonsecho chimalira ndi mpando wopanda munthu. Ine ndinakuuzani Lachitatu."

Sanandiuze. Koma ndilibe mphamvu zotsutsa.

Ndayesa kukonza mawu okanena mawa. "Galimoto yafa" zikumveka ngati bodza la munthu amene sakufuna kubwera. Akandifunsa ankhoswe kuti mkazi mumutengera pa chiyani, ndidzati chiyani? Malonjezo anali a kutsogolo. Kutsogolo kwa chiyani tsopano?

Ndatsikiranso kudoko ndi sipanala ya 12. Mabawuti awiri okha, ntchito yosatenga nthawi. Pa zonse zomwe ndamasula sabata ino, ichi chokha ndamasula ndikudziwa chomwe ndikuchita.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, Mulungu aona yekha. Ndavala jekete ya ukwati, yathina m'khwapa. Mpunga paphewa, mpando pamutu, mpaka pa siteji. Boma lonse landiona. Aphunzitsi opuma avula chipewa ngati kukudutsa maliro.

Ndakwera matola, pikapu ya munthu wina. Kutsogolo kwadzaza kale. Ndili kumbuyo, pakati pa madengu a usipa ndi njinga ya munthu, mpando ndaukumbatira pamiyendo. Ndikulemba pamene taima kudikira kuti anthu adzaze, buku lili pamsana pa mpando. Galimoto iyinso ikugwedera ikaima. Sindikufuna kudziwa chifukwa chake.

Zaka khumi ndi chimodzi ndikunyamula anthu kumbuyo, ine sindinakhaleko. Chitsulo chikuotcha. Madzi a nsomba alowa m'nsapato. Mphepo ikubweretsa mchenga m'maso ndi m'mano, ndipo sitinafike n'komwe pa fumbi lenileni. Koma zonsezi n'zazing'ono. Choipa ndi kagalasi aka ka kumsana kwa dalaivala. Ukuona mitu ya anthu akutsogolo, dalaivala akuyankhula, winayo akuseka, iwe sukumva kanthu. Palibe amene akucheuka. Amake Tiya anaona chikosi changa chonchi midzi isanu ndi iwiri, mabawuti ali m'manja, ine ndikusekerera nthabwala za munthu amene lero sakundipatsa ndi moni womwe.

Sindikudziwa ngati abwera. Mwina ankhoswe aseka mpaka kugwa. Mwina apongozi alandira mpunga n'kundibweza ndi mpando wanga. Akavomera, tibwerera pa matola omwewa, tonse kumbuyo, iwo pampando ine pansi. Ndilibe china chowapatsa: mpando, ndolo imodzi, ndi tsabola asanu amene ndathyola m'mawa. Mabawuti ngati anawataya m'nyanja, sindiwadandaula.

Mayi wina wakwera pano ndi dengu la tomato, waona khushoni, maso ake awala.

"Bambo, m'malo moukumbatira, bwanji muuike pansi ndikhalepo?"

Ndamupatsa thumba la mpunga kuti akhalire. Mpandowu ndamuuza kuti uli ndi mwini wake.