Velo ya Mlamu Wanga Inatsala Kudenga la Galimoto

Pa zithunzi zonse za ukwati wa mlamu wanga Chilufya, mkwatibwi wavala duku. Alendo akaziona amati mwina inali fasho ya nthawi imeneyo. Akuchikazi sawatsutsa, amangotembenuka n'kuyang'ana ine.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, chifukwa ndi imene inandipatsa mtima. Ndinali woyeza mankhwala mu labu ya fakitale ina yopanga machubu a njinga ndi a galimoto kuno ku Lusaka. Machubuwo tinkapanga ndi mphira wotchedwa byutilo, umene suchokera ku mtengo koma ku mpweya wina wa m'mafuta, aisobutilini, wophatikiza ndi kamankhwala kena pang'ono. Ubwino wake ndi woti sulola mpweya kapena madzi kudutsa. Ndiwo uli m'kati mwa mpira wamiyendo, pa zitsekerero za timabotolo ta jakisoni, ngakhale m'chingamu china chimene ana amatafuna. (Izi ndinkazinena pa maphwando, ndipo anthu ankasamukira mpando wina.)

Boma litayamba kugulitsa makampani n'kutsegula malire, machubu otchipa akunja anadzaza mu msika wa Kamwala, fakitale yathu n'kutsekedwa. Anzanga anatuluka ndi mipando ndi makatani. Ine ndinapempha chitini cha byutilo wosaphika, phula lakuda lomata, limene tinkatsekera mipata. Wosaphika ndiye kuti sanaumitsidwe ndi moto ndi mankhwala monga amachitira pa chubu. Wotere sauma. Amayenda pang'onopang'ono ngati uchi waulesi, ndipo kukatentha amafulumira. Mfundo imeneyi ndinkaidziwa bwino kwambiri, ndinkachita kuphunzitsa ena.

Ndi ndalama zimene anandipatsa pondichotsa ntchito ndinagula galimoto yakale ya ku Japan, yoyera, ya kazenera ka galasi padenga. M'banja lonse la mkazi wanga inali yokhayo yoyera, choncho Chilufya, mng'ono wake wa mkazi wanga, atakonza ukwati, panalibe zokambirana: ine ndiye wonyamula mkwatibwi.

Vuto linali kazenera kaja. Mvula yoyamba itagwa, madzi anadonthera pampando wakumbuyo, pomwe pankayenera kukhala mkwatibwiyo.

"Bashi Mwansa," anatero mkazi wanga (ndi Mbemba wa ku Luapula, ndipo kwawo ndi mmene amaitanira atate a mwana), "pelekani motoka ku galaji. Ukwati ni pa Chiwelu."

"Ku galaji akaikapo chiyani choposa chimene ndili nacho m'nyumba muno?"

"Ine nakamba chabe."

Lachisanu masana ndinatulutsa chitini chija pakhomo pathu ku Chelstone. Phulalo linali lolimba, losapakika, ndiye ndinalisungunula ndi palafini mpaka linafewa ngati phala. Ndinapaka kuzungulira galasi kunja. Kenako, pofuna kutsimikiza, ndinapakanso m'kati, mochuluka, n'kukokapo kachitseko kansalu kophimba galasilo kuti pasaoneke. Ndinathira ndowa ya madzi padenga, osadontha ngakhale dontho. Ndinaitana mkazi wanga kuti adzaone. Anaona, n'kubwerera kukasita.

Loweruka kunacha kopanda mtambo, kutentha kuja kobwera mvula isanagwe. Ndinamanga maliboni n'kupita ku Woodlands kwa azakhali a mkwatibwi, amene tonse timawatcha ba Anti. Kumeneko n'kumene ankamuvekera. Mthunzi unalipo pansi pa mtengo wa mango, koma ndinaimika galimoto padzuwa, pakati pa bwalo, kuti aneba aione.

Mkwatibwi sachedwa pang'ono. Galimoto inakhala padzuwapo m'mawa wonse, mazenera otseka kuopa fumbi.

Chilufya atatuluka anali wokongola ndithu. Tsitsi anamumangira m'mwamba ngati chulu, pamwamba pake kachisoti, velo n'kutsikira kumsana. Polowa anawerama, koma atakhala tsonga chulu chija chinagunda denga. Ba Anti, amene anakhala pambali pake, anati, "Bashi Mwansa, muno mwapya. Niseguleko ka windo aka ka pamwamba." Ndisanayankhe anakankha kachitseko kansalu kaja. Galasi silinatseguke, poti ndinali nditalimata, ndipo iwo anangozisiya.

Ndinamva fungo la palafini tili pamsewu wopita ku Kabwata. Ndinayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Kuchokera kudenga kunkatsika timizere takuda, tonyezimira, tina titafika kale pa kachisoti. Ndinaganiza zonena. Ndinaganizanso kuti tatsala pang'ono kufika, ndipo mwina akatsika mofulumira tidzaduka tokha. (Byutilo saduka choncho, amatamuka. Izinso ndinkaphunzitsa.)

Pa tchalitchi anthu anali atandanda panja, amayi akululutira. Ndinatsegula chitseko. Chilufya anatulutsa mwendo, n'kutulutsa phewa, mutu n'kukana. Anakoka. Mutu unatuluka, koma velo ndi kachisoti zinatsala zikulendewera kudenga la galimoto, ndipo pakati pa tsitsi lake ndi dengalo panatamuka zingwe zakuda zambirimbiri, zikutalika pamene iye ankayenda. Nthungululu zinazima imodziimodzi. Wojambula yekha ndiye anapitiriza ntchito.

Ba Anti anagwira zingwezo kuti azidule, zinawamata m'manja. Anapukutira pa chitenje, kenako anagwira phewa la mkwatibwi kuti amutonthoze. Diresi linalandira zala zisanu zakuda.

"Osagwila chilichonse," ndinatero. "Ndi mphira chabe. Si woopsa, ngakhale m'chingamu ulimo."

Mkazi wanga anafika kuchokera m'galimoto yachiwiri. Anayang'ana mng'ono wake, anayang'ana denga, n'kufunsa motsitsa mawu, "Ichoka na chani?"

Apa ndinali ndi mwayi wonena kuti sindikudziwa. Koma funso linali la m'ntchito yanga, ndipo ndinali ndisanafunsidwe funso lotero chichotsedwere.

"Sopo ndi madzi sizingathandize. Chimene chimasungunula ndi palafini."

Botolo linali m'buti, lotsala dzulo lake. Tinamulowetsa Chilufya m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ine n'kuyamba kutsuka tsitsi ndi kansalu. Phula linasungunukadi monga ndinanenera. Chimene sindinanene n'choti likasungunuka limayenderera: linatsikira pamphumi, kuseri kwa makutu, mpaka pakolala. Chilufya sanalire. Anangoyang'ana pakhoma, kenako anati, "Ba mulamu, lekani." Ba Anti anabwereka sizasi, nadula chulu chonse, namumanga duku loyera limene mayi wina wa kwaya anavula pamutu pake. Pa zala zija za paphewa anamangapo maluwa.

Mwambo unayamba mochedwa, ine n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Fungo la palafini linkafika mpaka komweko. Zonse zinkayenda, mpaka abusa ananena kuti tsopano akwati ayatse kandulo imodzi, chizindikiro cha umodzi wawo. Mkwati anatenga machesi. Chilufya anaweramira pa kanduloyo, duku lonyowa palafini lili patsogolo.

Sindine munthu wothamanga, koma ndinadutsa pakati pa tchalitchi chonse, n'kumulanda mkwati machesi m'manja. Abusa, amene ankadziwa zochepa za zimene zinachitika panja, anandiyang'ana n'kufunsa pa maikolofoni ngati ndili ndi chifukwa choletsera ukwatiwu.

"Ayi, abusa. Kungoti mkwatibwi angayake."

Mawuwo analowa pa maikolofoni. Akuchimuna, amene ankandiona koyamba, anayamba kufunsana kuti ndine ndani ndipo ndamwa chiyani. Kandulo inadumphidwa. Pa phwando, malume ake a Chilufya polankhula anati banja lawo linalakwa kupereka mkulu wake wa Chilufya kwa ine, munthu wa ku Chipata, poti anthu ozolowera kukola mbewa tsopano ayamba kukola akwatibwi ndi ulimbo. (Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachibale, ndipo mwambo umafuna kuti ndibweze. Sindinabweze.) Anthu anaseka, ngakhale mkwati. Chilufya sanaseke, ndipo anandilankhulanso tsitsi lake litamera.

Mwana wake woyamba anakwatiwa chaka chatha ku Kabulonga. Pondiitana, Chilufya anaimba yekha foni: "Ba mulamu, mubwele chabe. Osanyamula munthu, osakonza chinthu." Ndinavomera. Pakati pa phwando mvula inayamba, ndipo ndinaona kuti tenti ikudontha pamsoko, cha pamwamba pa tebulo la akwati. Ndinkadziwa chimene chikanatseka pamenepo. Ndinangosuntha mpando pang'ono kuti ndione bwino, mkazi wanga n'kundigwira mkono wa jekete osandiyang'ana n'komwe, ndipo sanausiye mpaka keke itadulidwa.